Nkhoswe wa Kutsidya kwa Msewu

"Ndanena kamodzi, ndipo sindifuna kuuma kukhosi ndi nkhani imodzimodzi. Mwana wanga sakwatiwa ndi Mpwitikizi."

Leonard Kamphinda anayankhula ali chiimire pakati pa chipinda chochezera, jekete la kutchalitchi asanavule n'komwe. Linali Lamulungu masana, ndipo mvula ya ku Glasgow, ija yosadziwa dzinja kapena chilimwe, inali kuwaza pa mawindo a nyumba yawo ya pamwamba ku Maryhill.

"Mpwitikizi wake uti, bambo a Luntha?" anafunsa mkazi wake Nelia, uku akumasula duku. "Japhet ndi wakuda ngati inu nomwe. Chichewa chake n'chakupsa kuposa cha mwana wanuyu. M'mawa womwe uno ndiye amatsogolera nyimbo, inu n'kumavomera mokweza kuposa mpingo wonse."

"Kuyimba ndi kwina, ukwati ndi kwina. Pasipoti yake ikuti chiyani?"

"Ikuti Mozambiki."

"Basi. Nkhani yathera pomwepo."

Luntha, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali atakhala m'mphepete mwa mpando, manja ali pamaondo. Anabwera ku Glasgow ali ndi zaka zisanu, ndipo tsopano anali namwino wa zaka makumi awiri ndi zinayi. Mkwiyo ukam'fika pakhosi, chimene chinkatuluka choyamba chinali Chingerezi cha m'misewu ya mumzindawo, chothamanga ngati matalala padenga. Anayamba nacho, koma bambo ake anakweza dzanja.

"Ukamayankhula ndi ine, yankhula chinenero cha kwanu."

Luntha anasankha mawu ake limodzilimodzi. "Adadi, chinenero cha kwathu chimenecho ndikuphunzira kwa Japhet. Inu munalibe nthawi."

"Tamumvani mwanayu! Iwe, anthu amenewa ine ndimawadziwa. Ndili mwana, tikachoka ku Blantyre kupita kumudzi kwa amayi ku Ntcheu pa tchuthi, ndinkawaona akuwoloka msewu, mphasa kumutu, kuthawa nkhondo yawo. Ankatilimira m'munda tsiku lonse kuti tiwapatse madeya. Lero mmodzi wa iwo wavala tayi, akuti akuphunzira za uinjiniya, ndiye ine wapampando wa gulu lonse la Amalawi kuno ndikaime pamaso pa anthu n'kunena kuti uyu ndiye mkamwini wanga? Chimene akufuna ndi mapepala a dziko lino, si iwe ayi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Nanga inu kuno ndinu chiyani, mwala?" anatero Nelia. "Mame omwewo, koma zaka zikukwana makumi awiri asanakamuke."

"Amake Luntha, usandiyankhe ngati tili pamsika."

"Ndiye tiyankhule ngati tili kwathu. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi achimwene anga a Goodwill, ali ku Gorbals komweku, ulendo wa basi imodzi yokha. Mkamwini salamula mbumba ya eni ake."

Leonard anavula jekete lija pang'onopang'ono, nalikoleka pampando, ndipo kumwetulira kumene kunabwera pankhope pake sikunam'kondweretse Nelia.

"Mwatchula mwambo. Chabwino, tiutsate wonse, mutu ndi mchira womwe. Pa mwambo wathu mnyamata safunsira mbeta ndi pakamwa pake. Abweretse nkhoswe wa kwawo. Osati wa pa foni, osati wa pa kanema ayi. Munthu wa kwawo, woima ndi miyendo iwiri m'chipinda muno, kuti banja likadzavuta tidzadziwe khomo logogoda. Ndam'patsa masabata asanu. Akalephera, alamu anga a Goodwill eniakewo adzanena kuti palibe ukwati."

"Mukudziwa kuti alibe m'bale kuno," anatero Luntha.

"Ndiye wamva m'mimba ndiye atsekule chitseko."

Patapita masabata anayi, Luntha ndi Japhet anakwera masitepe a nyumba yakale ya ku Partick kumene kunkakhala a Hamilton Ngozo, amalume ake a Leonard, mlongo wawo wa malemu amayi ake. Anali mphunzitsi wopuma wa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo m'nyumba mwawo mabuku anali atalanda malo a mipando. Ndiwo anam'landira Japhet atangofika mumzindamo, pakuti mnyamatayo anabwera ndi moni wochokera kwawo. Mudzi wa a Ngozo, kwa Mphoyo, ndi mudzi wa Japhet, kwa Chinkhwiri, inayang'anana, msewu wokha uli pakati.

"Mkazi wanga wabwera ndi mbala yake yomwe!" anatero mkuluyo potsekula chitseko, monga agogo amasekera ndi ana aakazi a m'banja mwawo. "Lowani. Koma nkhope zanuzi si za anthu odzamwa tiyi."

Japhet anapereka kalata ndi manja awiri. "Amalume awakaniza viza, agogo. Akuti sakukhulupirira kuti akadzafika kuno adzabwerera kwawo."

A Ngozo anavala magalasi, nawerenga kalatayo mpaka pansi, kenaka anaseka kuseka kowawa. "Sadzabwerera? Munthu wa mbuzi makumi anayi ndi dimba la mbatatesi, asiye zonsezo kuti adzakhale pa mvula iyi? Ha! Eni kalatayi makolo awo anabwera kwathu popanda wowafunsa kuti adzabwerera liti."

Anapinda kalata ija, naibweza.

"Khalani pansi, ana inu, mumve kumene vuto lanuli linabadwira, pakuti ndi lalikulu kuposa Leonard. Msewu wa kwathu uja, wochoka ku Dedza kutsikira ku Ntcheu, unayenda pamsana pa chitunda. Azungu atakhala pansi ku Ulaya kuno kugawana Afirika monga alenje agawana nyama, Mngelezi ndi Mpwitikizi anakanganirana dera lathu. Potsiriza anagwirizana kuti madzi ndiwo awaweruze. Kumene mvula iyenderera kum'mawa, kunyanja, likhale la Mngelezi. Kumene iyenderera kumadzulo, ku Zambezi, likhale la Mpwitikizi. Anafunsa mvula, anthu sanawafunse. Agogo anga ankakonda kunena kuti denga la nyumba yawo linkadontha maiko awiri. Ana a bere limodzi, wina anakathyola tiyi ku Thyolo kuti akhome msonkho wa Mngelezi, wina anamangidwa chingwe m'chiuno kupita ku chibalo cha Mpwitikizi. Atabwerako, wina ankawerenga m'Chingerezi, wina m'Chipwitikizi, koma polira maliro ankalira chinenero chimodzi."

"Agogo, mbiri ndaimva," anatero Luntha, "koma Loweruka likudzali ndi tsiku lomaliza. Ine ndanena kuti tingopita ku boma awiriwiri, tikasaine, zithe. Uyu akukana."

"Ndikukana, agogo," anatero Japhet modekha. "Ukwati wopanda nkhoswe ndi nyumba yopanda denga. Tikadzayambana tidzakalirira kwa yani? Ndipo ndikam'tenga mwa njira imeneyo, bambo ake adzati ananena zoona, ndine wakuba. Ndikam'tenga, ndim'tenge masana, kwawo atavomera. Apo ayi, ndim'siye."

Luntha anayang'ana pawindo. A Ngozo anam'yang'ana nthawi yaitali, kenaka anafikira ndodo yawo.

"Mawa ndikaonana naye mwana wa mlongo wanga."

Anam'peza Leonard atangoweruka kuntchito, ndipo anam'pempha kuti ayende pang'ono m'mbali mwa ngalande ya ku Maryhill, kumene makoma alibe makutu. Leonard anawagwira mkono powatsitsa masitepe, pakuti ulemu kwa amalume ake sunam'chokepo.

"Lola amalume ake a mnyamata uja ayankhule pa foni," anatero mkuluyo. "Munthu anayesetsa, am'tsekera njira."

"Mwambo ndi mwambo, malume. Ndinu nomwe munatiphunzitsa."

"Ndinakuphunzitsa kuti mwambo ndi ndodo yoyendera. Iwe waugwira ngati chibonga. Tandiuza, mnyamatayu wam'peza ndi chilema chanji? Ndi chidakwa? Ali ndi mkazi kwina?"

"Si Mmalawi."

"Zimenezo ndamva. Ndikufunsa chilema."

"Malume, malire ndi malire. Sindinawaike ndine."

"N'chifukwa chake ndikudabwa kuti ukuwalondera ndi mtima wonse chotere, popanda wokulemba ntchito. Eni ake analongedza katundu kalekale. Zina mwa sitima zimene zinawabweretsa kwathu zinakhomedwa pa mtsinje wa Clyde pomwepa, ndipo lero ngakhale malo ozikhomerawo anasanduka mabwinja. Koma anachenjera, anasiya alonda, ndipo alondawo ndife tomwe."

"Mawu okoma, malume, koma mwana ndi wanga. Akadzam'thawa atapeza mapepala, adzalirira pakhomo panga, osati m'mabuku mwanu."

"Galu wamkota sakandira pachabe, Leonard. Pali zimene ndikudziwa zimene sindifuna kuzinena pagulu. Usandikakamize."

"Ine ndilibe chobisa. Loweruka mubwere, mudzakhale mbali yanga monga kholo langa. Nkhaniyi tidzaitseke mwaulemu."

A Ngozo anayang'ana madzi akuda a m'ngalandemo, nagwedeza mutu. "Kubwera ndibwera," anatero.

Loweruka masana Leonard anakonza yekha mipando. Mbali ina anaika itatu: wake, wa mlamu wake Goodwill, ndi mpando waukulu wa khushoni wa amalume ake. Mbali inayo anaika iwiri ya kukhitchini. Pa umodzi panakhala Japhet, atavala suti yake yokhayo. Winawo unali wopanda munthu, ndipo Leonard anauika dala poonekera kuti uyankhule wokha. Nelia ndi Luntha anaima pakhomo la kukhitchini.

Goodwill, munthu wofatsa woyendetsa basi, amene moyo wake wonse ankathawa mikangano monga mphaka athawa madzi, anali kupukuta thukuta ngakhale kunja kunkazizira.

"Alamu, tiyambe," anatero Leonard. "Amalume atipeza. Funsani funso lanu."

Goodwill anakhosomola. "Iwe Japhet, paja tinapangana kuti lero ubwera ndi wa kwanu. Ali kuti?"

Japhet asanatsekule pakamwa, panamveka kugogoda kwa ndodo pamasitepe, kumodzikumodzi, kosafulumira. Nelia anatsekula chitseko. A Ngozo analowa atavala suti yakuda ndi chipewa, napereka moni kwa aliyense ndi dzina lake. Leonard anaimirira, nawalozera mpando wa khushoni uja.

Mkuluyo anaudutsa ngati sanauone. Anayenda mpaka mbali inayo, nakhala pa mpando wa kukhitchini pafupi ndi Japhet, naika chipewa pabondo.

"Malume, mwasokera. Malo anu ndi ano."

"Maso anga ndi okalamba, koma mpando ndauona bwino. A Goodwill, munafunsa wa kwawo kwa mnyamatayu. Ndine. Dzulo ndinayankhula ndi amalume ake pa foni, ndipo andituma. Mawu awo ali m'kamwa mwanga. Miyendo iwiri munaifuna ija ndi iyi, wachitatu ndi ndodoyi, ndawonjezera ulere."

Goodwill anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mlamu wake anakusandutsa chifuwa.

"Izi ndi zamasewera," anatero Leonard, mawu akukwera. "Inu ndinu Mmalawi, m'bale wa amayi anga. Uyu ndi wa dziko lina. Ubale wanu ndi iye uchokera pati? Mukakhala pamenepo, malume, mwandikana ine. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani lero."

"Chibale ndi fupa, sichiola, ngakhale utalikwirira ndi mkwiyo. Sindinakukane. Koma wandifunsa pagulu kumene ubale wanga ndi mnyamatayu uchokera, ndiye ndikuyankha pagulu. Ndinakuchenjeza." A Ngozo anatsamira pa ndodo yawo. "Leonard, manda a amako anakumba ndani?"

Nelia anagwira pakamwa. Zaka khumi ndi ziwiri zinali zitapita, ndipo m'nyumbamo munalibe amene ankatchula maliro amenewo.

"Musayambe zimenezo, malume."

"Ndiyamba, pakuti ndakhala chete nthawi yaitali pokumvera chisoni. Iwe kumaliro kuja kunalibe. Sindikukuimba mlandu. Pasipoti yako inali ku ofesi, ukudikira chilolezo chokhalira kuno, ndipo ukanatuluka sakanakulola kubwerera kwa mkazi ndi mwana wako. Unalira pa foni ngati mwana, ine ndikumva. Malire anakutsekera kunja kwa maliro a amako. Ndinapita ndine, ndipo zimene ndinaona ndi izi. Iwe unakulira m'tauni, sudziwa. Kwathu m'bale sakumba manda a m'bale wake. Amakumba ndi adzukulu, anthu a mudzi wina amene munapangana nawo kuti muziikana. Ife a kwa Mphoyo amatiika ndi a kwa Chinkhwiri, ifenso timawaika iwo. Pangano limeneli ndi lakale kuposa msewu, lakale kuposa Mngelezi ndi Mpwitikizi. Mbendera zasintha kangati pamenepo, koma palibe tsiku limene maliro anagona pabwalo chifukwa chakuti makasu alibe pasipoti."

Anatembenuka, nagwira dzanja la Japhet, nalitukula.

"Unali mwezi wa February, mvula ikugwa usana ndi usiku. Anawoloka msewu amuna asanu ndi mmodzi, makasu paphewa. Pofika nthawi yotsitsa bokosi, m'mandamo munali madzi ofika m'maondo. Analowamo awiri kukakapa madziwo ndi kulandira mlongo wanga. Mmodzi anali bambo wa mnyamatayu. Winayo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wowonda ngati bango, ndi mwini dzanja ili. Amako anagonekedwa ndi manja awa, amene ukuti ndi a mlendo. Wogoneka mlongo wanga ndi mwana wanga. Ubale wake ndi umenewo. Ngati uli ndi wina woposa pamenepo, utchule."

Leonard anayang'ana dzanja lija ngati akuliona koyamba. Atayankhula, mawu ake anali atatsika.

"Iwe, n'zoona zimenezi?"

"N'zoona, bambo," anayankha Japhet, maso ali pansi. "Tinapeza mwala waukulu, tinasinthana mpaka dzuwa litakwera. Koma amayi aja anagona pouma. Tinayala udzu ndi mphasa ziwiri."

"Chaka chonse ukulowa m'nyumba muno, ukudya pa tebulo langa. Bwanji sunanene?"

"Khasu la kumanda salitamira, bambo. Ndi ntchito ya mudzi. Agogo anga aakazi anawaika ndi a kwanu."

Luntha anali kulira mwakachetechete paphewa la amayi ake. Leonard anayang'ana mlamu wake, nayang'ana mkazi wake, ngati munthu wofuna pogwira m'madzi akuya, koma aliyense anali kuyang'ana iye.

"Ndiye mwapangana," anatero. "Mwandiitanira anthu m'nyumba mwanga momwe kuti mundivule."

"Wakonza mipando ndiwe," anatero Nelia mofatsa.

"Palibe wakuvula, mwana wa mlongo wanga," anatero a Ngozo. "Amene anativula tonse anafa kalekale, ndipo mafano awo aima m'mabwalo a mizinda ya kuno, nkhunda zikuwanyera pamutu. Anatilanda nthaka, tinaitenganso. Koma anatisiyira mzere m'mutu, ndipo umenewo palibe boma lingatichotsere. Ine ndatsala ndi masiku owerengeka, ndipo ndikadzafa mudzanditengera kwa Mphoyo, a kwa Chinkhwiri adzandikumbira. Sindikufuna kukafika kumeneko ndi manyazi akuti mwana wawo tinam'pitikitsa ku Ulaya chifukwa cha mvula imene inayenderera kumadzulo. Ine mzere umenewo ndaukana. Ndinaukana ndili mnyamata, ndikuukana lero, pampando uno."

Leonard anatenga chikhothi chake pa msomali, nachivala, natsekula chitseko cha panja. Mphepo yozizira ya pamasitepe inalowa m'chipindamo. Koma sanatuluke. Anaima pakhomopo, dzanja lili pa chogwirira, msana ataulozetsa kwa anthu.

A Ngozo sanam'dikire. Anaimirira movutikira, nawerama pang'ono kuyang'ana kwa Goodwill, nawomba m'manja katatu mwaulemu wonse wa kwawo.

"Zikomo eni mbumba. Ife a kwa Chinkhwiri tayenda ulendo wautali. Tambala wathu waona msoti pakhomo panu pano, ndipo sakudya, sakugona. Tabwera kudzafunsa ngati msotiwo uli ndi mwini."

Goodwill anayang'ana msana wa mlamu wake. Kenaka anayang'ana mlongo wake, ndipo Nelia anam'yang'ana osaphethira. Munthu wofatsa uja anaika kansalu kake ka thukuta m'thumba, nakhala tsonga.

"Luntha, tabwera apa. Anthu awa ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa, amalume."

"Tiwalandire?"

"Alandireni," anatero Luntha m'Chichewa chomveka bwino, osasankhanso mawu.

"Leonard," anatero a Ngozo osacheuka, "tseka chitseko, ukutiziziritsa. Kaya utsekera kunja, kaya utsekera mkati, zimenezo ndi zako."

Chitseko chinatsekeka. Panalibe amene anacheuka kuti aone mbali imene Leonard anaima, pakuti Goodwill anali atayamba kale kuwomba m'manja.

"A kwa Chinkhwiri, takulandirani," anatero. "Msoti ulipo, ndipo ndi wanu."